Chimene chimathamangitsa anthu osalipidwa: phunziro la mpikisano wa Comrades

Chaka chilichonse, kawirikawiri m'mwezi wa June, anthu oposa 20,000 amalembetsa kuti athamange mtunda wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa mizinda ya Durban ndi Pietermaritzburg m'dziko la South Africa. Mpikisanowu umatchedwa Comrades Marathon. Mamendulo agolide amakhalapo 20 okha, khumi a abambo ndi khumi a amayi, ndipo ndalama za mphoto zimagwera anthu owerengeka. Ena onsewo ndi aphunzitsi, anamwino, alonda, madalaivala, maloya ndi ochita malonda amene amalipira okha ndalama yolembetsera, ya ulendo ndi ya malo ogona. Madzulo amabwerera kogona akutsimphina, mapazi ali matuza okhaokha, atanyamula kamendulo kochepa ngati ndalama yachitsulo.

Funso loti n'chiyani chimachititsa munthu kudzizunza chotere popanda malipiro lakhala likufufuzidwa ndi akatswiri a kaganizidwe ka munthu kwa zaka zoposa makumi atatu. Yankho lake limasiyana malinga ndi msinkhu wa wothamangayo, ntchito yake, kumene adakulira, zimene wakumana nazo pa moyo, ndiponso ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Mbiri ya Comrades imaonetsa bwino kusiyanaku chifukwa mpikisanowu watha zaka zoposa 100 ukusintha pamodzi ndi dziko limene umachitikira.

Wothamanga wamba ndi ndani

Wothamanga wamba ndi munthu amene kuthamanga si ntchito yomudyetsa. Ali ndi ntchito yake kapena bizinesi yake, ndipo nthawi yothamanga amachita kuiba m'bandakucha, madzulo akaweruka kapena Loweruka m'mawa. Ena amakhutira ndi makilomita asanu, ena amalimbana ndi makilomita 21, pomwe ena amafuna mtunda wonse wa marathon womwe ndi makilomita 42.195. Mpikisano uliwonse wopitirira pamenepo, monga Comrades, uli m'gulu la mipikisano ya mtunda wautali kwambiri.

Kuti munthu aloledwe kuthamanga Comrades ayenera kukhala wa zaka 20 kapena kuposerapo, komanso ayenera kuonetsa kuti adamalizapo marathon pasanathe maola asanu m'miyezi yoyandikira mpikisanowo. Njira yake imasinthana: chaka china amayambira ku Durban, m'mphepete mwa nyanja, n'kumakwera, chaka chinacho amayambira ku Pietermaritzburg n'kumatsika. Panjira pali zitunda zisanu zotchuka, zomwe ndi Cowies, Fields, Botha's, Inchanga ndi Polly Shortts. Aliyense amapatsidwa maola 12 kuti amalize.

Zifukwa zisanu ndi zinayi

M'chaka cha 1993 akatswiri atatu a ku America, Kevin Masters, Benjamin Ogles ndi Jeffrey Jolton, adakonza mafunso 56 oyezera zimene zimalimbikitsa othamanga marathon. Mafunsowa akugwiritsidwabe ntchito m'maiko ambiri mpaka lero. Iwo adapeza zifukwa zisanu ndi zinayi zomwe adaziika m'magulu anayi.

Gulu loyamba ndi la thupi: kufuna thanzi labwino ndi kufuna kuchepetsa kunenepa. Lachiwiri ndi la kupambana, momwe muli kupikisana ndi anzako ndiponso kukwaniritsa cholinga chimene wadziikira wekha, monga kumaliza msanga kuposa chaka chatha. Lachitatu ndi la kukhala ndi anthu: kupeza abwenzi ndi kufuna kuti ena akuyamikire. Lachinayi ndi la mumtima, ndipo lili ndi zifukwa zitatu: kudziona kuti ndiwe munthu wofunika, kupeputsa nkhawa ndi mavuto, komanso kupeza tanthauzo la moyo.

Pafupifupi palibe wothamanga amene ali ndi chifukwa chimodzi chokha. Munthu angayambe dokotala atamuchenjeza za kuthamanga kwa magazi, koma pakatha zaka ziwiri chimene chimamudzutsa usikusiku chimakhala anzake amene akumudikira pamphambano. Akatswiri ena awiri, Edward Deci ndi Richard Ryan, adafotokoza kuti khalidwe lililonse limakhalitsa ngati likukwaniritsa zinthu zitatu: munthu aziona kuti wasankha yekha, aziona kuti akupita patsogolo, ndipo aziona kuti ali pamodzi ndi ena. N'chifukwa chake amene amathamanga chifukwa chochita manyazi kapena chokakamizidwa ndi wina amasiya msanga kusiyana ndi amene apeza chokoma m'kuthamangako.

Mpikisano wobadwa m'chisoni

Comrades idayamba ndi munthu mmodzi amene mtima wake udali usanachoke kunkhondo. Vic Clapham, yemwe ankayendetsa sitima yapamtunda, adali msilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndipo adayenda pansi makilomita oposa 2,000 m'dera lomwe lero ndi Tanzania. Iyi ndi nkhondo yomwe makolo athu adaitcha ya Chiwaya, momwe amuna ambirimbiri a m'dziko muno adatengedwa kukakhala asilikali ndi amtengatenga. Clapham atabwerera kwawo adafuna chikumbutso cha anzake amene adafa, koma adafuna chikumbutso choti anthu amoyo amve nacho ululu wa ulendo wautali. Bungwe la asilikali akale lidamukanira kawiri, likunena kuti mtundawo ndi wosatheka, kenaka lidavomera.

Mpikisano woyamba udachitika pa 24 May 1921. Adayamba anthu 34 ndipo 16 ndiwo adamaliza. Adapambana ndi Bill Rowan, yemwe adatha maola 8 ndi mphindi 59. Kuchokera apo mpikisanowu udalephereka kuyambira 1941 mpaka 1945 kaamba ka nkhondo yachiwiri, komanso mu 2020 ndi 2021 kaamba ka mliri wa Covid-19.

Amene adapambana chaka chachiwiri, Arthur Newton, adali ndi chifukwa chinanso. Iye adali mlimi m'chigawo cha Natal ndipo adali pa mkangano ndi boma pa nkhani ya malo. Adaganiza kuti akatchuka pa liwiro anthu amva dandaulo lake. Adayamba kukonzekera ali ndi zaka 38, ndipo adapambana Comrades kasanu pakati pa 1922 ndi 1927. Mlandu wa malowo sudamukomere, koma kuthamanga sadakusiye. Mpaka lero othamanga amaika duwa pamwala wina wa m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pakati pa njira, pomwe amati ankapumirapo.

Khungu ndi ufulu wothamanga

Kwa zaka 54 mpikisanowu udali wa amuna achizungu okha. Ngakhale zidali choncho, panali ena amene ankathamanga nawo popanda nambala, akudziwa kuti sadzalandira mendulo. M'chaka cha 1935 Robert Mtshali adakhala munthu wakuda woyamba kumaliza mtundawo, ndipo adatha maola 9 ndi theka. Dzina lake silidalembedwe pa mndandanda wa omaliza. Munthu wotere sankafuna mphoto, poti mphotoyo idali yoletsedwa kale kwa iye. Chimene akadapeza n'kuonetsa, pamaso pa anthu onse a m'mbali mwa msewu, kuti miyendo yake ndi yofanana ndi ya ena.

Khomo lidatsekuka mu 1975, pa mpikisano wa nambala 50, pomwe anthu akuda ndi amayi adaloledwa kulembetsa. Chaka chimenecho Vincent Rakabaele wa ku Lesotho adamaliza pa nambala 20. Mu 1981 Bruce Fordyce, yemwe panthawiyo adali wophunzira wa pa yunivesite, adathamanga atamanga kansalu kakuda pamkono posonyeza kukwiya kuti mpikisanowo waphatikizidwa ndi chikondwerero cha boma la tsankho. Adagendedwa ndi tomato, koma adapambana, ndipo adadzapambana kasanu ndi kanayi konse. Mu 1989 Sam Tshabalala, wogwira ntchito kunjanji, adakhala munthu wakuda woyamba kupambana.

Nthawi imeneyo dziko la South Africa lidali losalidwa pa masewero a pakati pa maiko, choncho mipikisano ya m'dziko momwemo idakula kwambiri, makamaka wailesi yakanema itayamba kuonetsa Comrades tsiku lonse. Msewu wa mpikisanowu udali amodzi mwa malo ochepa pomwe bwana ndi wantchito wake ankamwera madzi pa tebulo limodzi. Kuyambira 2019, aliyense womaliza pakati pa maola 9 ndi maola 10 amalandira mendulo yotchedwa dzina la Robert Mtshali.

Amayi ndi msewu

Mbiri ya amayi ikufanana ndi imeneyi. Frances Hayward adathamanga Comrades mu 1923 popanda chilolezo ndipo adamaliza m'maola 11 ndi mphindi 35. Ku America, mu 1967, mkulu wina wa mpikisano wa Boston Marathon adathamangira Kathrine Switzer pakati pa msewu kuti amulande nambala yake, 261, chifukwa adali mkazi. Pa masewero a Olympics amayi adayamba kuthamanga marathon mu 1984 ku Los Angeles. Kufikira nthawi imeneyo ambiri ankakhulupirira kuti thupi la mkazi silingapirire mtunda wautali. Frith van der Merwe, mphunzitsi wa sukulu, adathetsa nkhaniyi mu 1989 pomwe adamaliza Comrades pasanathe maola 6 n'kukhala pa nambala 15 mwa anthu onse, amuna ndi akazi omwe.

Kafukufuku wogwiritsa ntchito mafunso a Masters ndi anzake wakhala akupeza kuti amayi ambiri amatchula za kupeza abwenzi, kupeputsa nkhawa, kudzidalira ndi kusamala thupi, pomwe abambo ambiri amatchula za kupikisana ndi kufupikitsa nthawi. Uku ndi kusiyana kwa magulu pongoyerekeza, ndipo pali amayi ambiri okonda kupikisana kuposa abambo. Gerda Steyn, yemwe adakulira pafamu m'chigawo cha Free State, adayamba kuthamanga mu 2014 akugwira ntchito ku Dubai, atalowa kalabu ya othamanga kuti apeze anzake kudziko lachilendo. Mu 2023 adamaliza Comrades m'maola 5, mphindi 44 ndi masekondi 54, n'kuphwanya mbiri yomwe Van der Merwe adaisunga zaka 34.

Komabe mpaka pano mwa anthu asanu alionse othamanga Comrades, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amakhala mkazi. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi nthawi. Kukonzekera mpikisano wotere kumadya maola ambiri pa sabata kwa miyezi ingapo, ndipo m'mabanja ambiri m'mawa ndi nthawi imene mayi amakhala akukonzekeretsa ana kusukulu. China ndi chitetezo: mayi amene angathamange yekha kusanache amayamba waganizira za msewu umene adutse. N'chifukwa chake kwa amayi ambiri gulu lothamanga nalo limakhala chinthu choyamba kufuna, nsapato zabwino zimabwera pambuyo.

Msinkhu ndi zaka zimene munthu watha pamsewu

Ogles ndi Masters atayerekeza abambo achinyamata ndi abambo achikulire adapeza kuti achinyamatawo amalimbikitsidwa kwambiri ndi kukwaniritsa nthawi imene adziikira, pomwe achikulire amatchula thanzi, kulemera kwa thupi, ubwenzi ndi tanthauzo la moyo. Izi n'zomveka. Wa zaka 25 amadziwa kuti liwiro lake likukwera, pomwe wa zaka 55 amadziwa kuti nthawi yake yabwino kwambiri idapita kale, ndipo waonapo anzake a msinkhu wake akudwala shuga kapena kufa ziwalo.

Kuzolowera nakonso kumasintha chifukwa. Amene akuthamanga marathon koyamba amakhala ndi nkhawa yoti angomaliza, ndipo ambiri amakhala atabwera kaamba ka thanzi. Amene wathamanga kawiri kapena katatu amafuna kuchita bwino kuposa kale. Koma amene wathamanga kambirimbiri, kuthamangako kumasanduka dzina lake: anthu kuntchito ndi kutchalitchi amamudziwa kuti ndi uja wothamanga uja, ndipo kusiya kumakhala ngati kutaya mbali ina ya moyo wake.

Okonza Comrades adazindikira zimenezi kalekale. Amene wamaliza kakhumi amapatsidwa nambala yobiriwira, yomwe imakhala yake mpaka kalekale ndipo sipatsidwanso munthu wina. Wally Hayward adapambana koyamba mu 1930 ali ndi zaka 21, ndipo adamalizanso mu 1989 ali ndi zaka 80, kutatsala pang'ono kuti nthawi ithe. Mbiri yakeyo idasweka mu 2023 ndi Johannes Mosehla wa ku Limpopo, mmisiri womanga nyumba wopuma pa ntchito, yemwe adamaliza ali ndi zaka 81. Mu 2025 Louis Massyn adakhala munthu woyamba kumaliza mpikisanowu ka 50.

Ntchito ndi thumba

Anthu amakonda kunena kuti kuthamanga ndi masewero a aliyense chifukwa sikufuna bwalo kapena zida zambiri. Zimenezi n'zoona pang'ono chabe. Nsapato zothamangira zimatha pakangopita miyezi yochepa, thupi lothamanga limafuna chakudya chokwanira, ndipo mpikisano uliwonse uli ndi ndalama yolembetsera. Choncho msewu umodzi umanyamula anthu a zolinga zosiyana kwambiri.

Kwa munthu wogwira ntchito ya muofesi, amene amakhala pampando tsiku lonse n'kubwerera kunyumba pagalimoto, kuthamanga ndi njira yobwezera thupi ntchito imene lidalandidwa, komanso ndi ola limodzi lopanda foni ndi misonkhano. Kwa munthu wochokera m'banja losauka amene ali ndi luso, liwiro lingakhale khomo lotulukira mu umphawi. M'zaka za tsankho makampani a migodi ku South Africa adali ndi makalabu a othamanga, ndipo wantchito waliwiro ankatha kupatsidwa ntchito yopepuka pamtunda m'malo molowa pansi. Josia Thugwane, yemwe adapambana golide wa marathon pa Olympics a ku Atlanta mu 1996, ankagwira ntchito pa mgodi wa malasha. Bongmusa Mthembu, wopambana Comrades katatu, adayamba ngati womanga nyumba. Tete Dijana adali mlonda pa yunivesite ina ku Mahikeng pomwe adapambana koyamba mu 2022. Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe adapambana katatu motsatizana kuyambira 2009 mpaka 2011.

Umphawi womwewo ungakankhire munthu kunjira yolakwika. Mu 1999 anyamata awiri apachibale a banja la Motsoeneng adagawana mtunda wa Comrades posinthana zovala ndi nambala panjira, ndipo mmodzi adafika pa nambala 9. Adagwidwa zithunzi zitaonetsa kuti wotchi idali kudzanja lina pa malo ena, kudzanja linanso pa malo ena. Iwo adati chidawachititsa ndi kusowa kwa pakhomo pawo.

Mphamvu ya nambala

Chinthu china chimene chimathamangitsa anthu ndi malire a nthawi. Akatswiri a zachuma Eric Allen, Patricia Dechow, Devin Pope ndi George Wu adaunika nthawi za omaliza marathon pafupifupi 10 miliyoni ndipo adapeza kuti anthu amaunjikana kutatsala pang'ono kukwana maola atatu, anayi kapena asanu. Munthu wotopa, amene amayenera kumaliza m'maola 4 ndi mphindi imodzi, amapeza mphamvu zoonjezera kuti wotchi iwerenge 3:59. Palibe mphoto ya mphindi ziwirizo. Iye amangofuna kuti pofotokozera anzake adzayambe ndi nambala 3.

Comrades idamangidwa pa khalidwe limeneli. Womaliza pasanathe maola 7 ndi theka amalandira siliva, pasanathe maola 9 mendulo ya Bill Rowan, pasanathe maola 10 ya Robert Mtshali, pasanathe maola 11 ya mkuwa, ndipo pasanathe maola 12 ya Vic Clapham. Choncho aliyense ali ndi mpikisano wakewake. Mphunzitsi amene akulimbana ndi maola 11 sasamala kuti wopambana adafika kale maola asanu apitawo ndipo wasamba n'kudya. Ambiri mwa omaliza amafika m'maola awiri otsiriza.

Chisoni, kusungulumwa ndi gulu

Othamanga ambiri amatha kutchula tsiku limene adayamba, ndipo kawirikawiri limakhala pafupi ndi imfa, kutha kwa banja, kuchotsedwa ntchito kapena matenda. Fauja Singh, mlimi wa ku Punjab yemwe adasamukira ku London, adayamba kuthamanga atakalamba kale, mkazi wake ndi mwana wake wamwamuna atamwalira, ndipo adathamanga London Marathon koyamba mu 2000 ali ndi zaka 89. Terry Fox wa ku Canada, yemwe adadulidwa mwendo kaamba ka khansa, adathamanga makilomita 5,373 m'masiku 143 m'chaka cha 1980 pofuna kusonkhetsa ndalama zofufuzira matendawo. Lero anthu ambiri amathamanga atalemba dzina la malemu wawo pamalaya, kapena akusonkhetsa thandizo la chipatala kapena sukulu.

Paul Sinton-Hewitt, yemwe adabadwira ku Zimbabwe n'kukulira ku South Africa, adali atavulala, ntchito itamuthera, pomwe adaitana anzake kuti athamange makilomita asanu ku Bushy Park mu London pa 2 October 2004. Iye sakadatha kuthamanga, choncho adagwira wotchi. Kudabwera anthu 13. Chimenecho chidali chiyambi cha parkrun, kuthamanga kwaulere kwa Loweruka lililonse m'mawa komwe kwafalikira m'maiko oposa 20, ndipo Bruce Fordyce ndiye adakuyambitsa ku Johannesburg mu 2011. Chimene Sinton-Hewitt ankafuna kwenikweni n'kusataya anzake pa nthawi yomwe adali yekha.

Pa Comrades ubale umenewu umaoneka ndi maso. Othamanga odziwa njira amanyamula mbendera yolembedwa nthawi, ndipo mazanamazana amayenda nawo pamodzi m'magulu otchedwa mabasi, akuimba ndi kulimbikitsana. Pafupi ndi Inchanga ana a sukulu ya Ethembeni, omwe ambiri ndi olumala, amandanda m'mbali mwa msewu kupereka moni kwa odutsa.

Phindu ndi ngozi zake pathupi

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita masewero olimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena mphindi 75 mpaka 150 ngati ndi masewero otopetsa monga kuthamanga. Kafukufuku wa anthu oposa 55,000 ku America, yemwe adatuluka mu 2014, adapeza kuti mwa othamanga imfa zidali zochepa ndi 30 pa 100 alionse poyerekeza ndi osathamanga, ndipo imfa za matenda a mtima zidali zochepa ndi 45 pa 100. Phinduli lidaoneka ngakhale mwa amene ankathamanga mphindi 5 mpaka 10 zokha pa tsiku. Izi zikutanthauza kuti wofuna thanzi lokha safunika makilomita 90. Amene amapita mtunda wotere ali ndi zifukwa zina pamwamba pa thanzi.

Khama lopitirira muyeso lili ndi mtengo wake. Oyamba kumene ambiri amavulala mawondo ndi misongolo chifukwa choonjezera mtunda mofulumira. Ena amathamanga ali ndi chimfine kapena malungo poopa kuphonya tsiku, zomwe zingaike mtima pa ngozi. Dokotala Tim Noakes wa ku Cape Town adaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti ngakhale kumwa madzi ochuluka kwambiri pa mpikisano wautali kumasungunula mchere wa m'magazi mpaka munthu kukomoka. Palinso amene kuthamanga kumawalamulira moti banja ndi ntchito zimayamba kuvutika. Munthu wa zaka zoposa 40, kapena amene ali ndi vuto la mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndi bwino ayambe waonana ndi achipatala.

Kuno kwathu

M'mizinda ya m'dziko muno magulu a anthu othamanga m'mawa achuluka m'zaka zaposachedwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi matenda. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mipikisano ya makilomita 5, 10 ndi 21 yothandizidwa ndi makampani, monga Be More Race ya Standard Bank ku Lilongwe, imakopa akatswiri ofuna mphoto pamodzi ndi ogwira ntchito m'maofesi ongofuna kumaliza.

Kusiyana kwa kumene anthu adachokera kumaonekanso kuno. Kwa munthu amene adakula akuyenda makilomita ambiri kupita kusukulu, kuchigayo ndi kumsika, kuthamanga popanda chokuthamangitsa kungaoneke ngati masewero a anthu okhuta. Koma ubwana womwewo ndiwo udaumba miyendo ya othamanga athu amphamvu. Mpikisano wa Porters Race wa pa phiri la Mulanje, womwe umayambira ndi kuthera pa Likhubula, udayamba ngati wa anyamata onyamula katundu wa alendo ndi owaperekeza kuphiri, anthu amene kukwera ndi kutsika phirilo ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Edson Kumwamba, yemwe adadzatchuka pa mipikisano ya m'mapiri ku South Africa, adakulira m'munsi mwa phiri lomweli.

Kwa amayi pali nkhani ya kavalidwe. Kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo linkaletsa amayi kuvala mathalauza pagulu, ndipo ngakhale lamulolo lidatha, mayi wothamanga mumsewu atavala zamasewero amakumanabe ndi mawu achipongwe. Kuthamanga pagulu kumachepetsa vutoli, monga momwe kumachepetsera mantha a mdima ndi a magalimoto m'misewu yopanda malo a oyenda pansi.

Ola lomaliza

Amene akufuna kumvetsa wothamanga wamba ayenera kuona mphindi zomaliza za Comrades. Dzuwa limakhala litalowa kale. Anthu amalowa m'bwalo m'chigulu, ena akuyenda chopendekera mbali imodzi chifukwa minofu yakana, ena atakolekedwa m'mapewa mwa anthu amene sadawaonepo n'kale lomwe. Akale adati kuthamanga sikufika, ndipo pano mawuwa amaoneka ndi maso: ambiri amene adayamba ndi liwiro m'mawa amakhala atagwera panjira, pomwe odekha akufika.

Maola 12 akatsala pang'ono kukwana, mkulu wa mpikisano amaima pamzere womalizira atafulatira othamanga, kuti asaone nkhope ya amene amutsekere kunja, ndipo nthawi ikakwana amaomba mfuti. Amene wachedwa ndi sekondi imodzi salandira mendulo ndipo nthawi yake silembedwa, ngakhale wayenda mtunda wonse. Ambiri mwa anthu otere amalembetsanso chaka chotsatira.